Digiri yanga inakwera bwato la ku Chisi

Eya mayi, n'zoona zimene mwamvazo. Digiri inakwera bwato langa, inapita ku Chisi n'kubwerako kangapo, ndipo sinalipire ngakhale tambala. Munandifunsa pa doko paja muli ndi dengu la tomato pamutu, ine ndikulimbana ndi chingwe cha injini, ndiye ndinangoseka osakuyankhani. Lero ndiyankhe bwinobwino, kuti ndi ena amene akumandiloza ndi milomo amvere pomwepa.

Koma poyamba ndiwongole kanthu kamodzi. Ine ku yunivesite sindinapondeko. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Izi mumawerenga m'nyuzipepala muno sabata ndi sabatazi ndimalemba ndi bolopeni pa bondo, podikira kuti bwato lidzaze, ndipo ena amandiwongolera zilembo zisanakufikeni. Ndiye amene mwayamba kundipatsa moni wa Chingerezi, chonde lekani, mukunditulutsa thukuta.

Zinayamba ndi kalata.

Kwathu kuno kwa Kuntumanji, mudzi wonse makalata timalandirira ku bokosi la sukulu ya pulayimale. Ahedi ananditumizira mawu kuti kwabwera envelopu yanga. Ine envelopu? Amene amandifuna amangoima pa doko n'kukuwa. Ndinakaitenga. Pamwamba panali dzina langa lolembedwa ndi makina, dzina la bambo anga, mudzi wathu, zonse ndendende. M'kati munali Chingerezi chokhachokha, ndi nambala ina yaitali ngati njoka ya m'mabango.

Ndinapatsa mwana wanga woyamba, Hawa, kuti andiwerengere. Hawa ndi uja anakhoza bwino Fomu 4, amene dzina lake latuluka chaka chino kuti apite ku yunivesite. Anawerenga chamumtima, n'kundiyang'ana, n'kuwerenganso.

"Ababa, akuti muli ndi ngongole."

"Ya ndani? Wa injini uja ndinamalizana naye."

"Ya boma. Akuti munaphunzira za chuma ku yunivesite, anakulipirirani fizi ndi chakudya, ndiye nthawi yobweza inakwana kalekale. Akuti mukapitiriza kukhala chete akutengerani ku khoti."

Abale, ndinaseka mpaka kukhala pansi pa dothi. Mayi ake a Hawa anatuluka m'khitchini ndi mpeni wopalira nsomba m'manja, kuganiza kuti chandigwira china chake. Atamva nkhani anagwira m'chiuno.

"Ndiye zaka zonsezi ndinakwatiwa ndi bwana, koma n'kumagona pa mkeka? Tatiuzani, galimoto munaibisa kuti?"

Achinyamata a masiku ano simungamvetse, ndiye ndifotokoze. Kale kusankhidwa kupita ku sekondale sikunali masewera. Malo anali ochepa, ndipo m'midzi tonse tinkakhulupirira kuti dzina likalemba mayeso a Sitandade 8 kawiri, osankhawo amalidumpha, amafuna dzina latsopano. Ndiye mwana akalemba osasankhidwa, makolo sankataya mwana. Ankataya dzina. Ankayang'ana m'banja momwemo dzina limene silinalembepo mayeso, la mwana wothawa sukulu, n'kumuveka mnzakeyo.

Kwathu wothawa sukulu ndinali ine. Wanzeru anali achimwene anga, a Kasimu, amene ndinapondana nawo. Analemba kawiri. Kukhoza ankakhoza, koma kusankhidwa ayi. Tsiku lina malume athu, Mulungu awachitire chifundo, anandiitanira pambali tikuyanika matemba pa thandala.

"Iwe Amidu, dzina lakoli umagwiritsa ntchito yanji?"

Ndinati amandiitanira chakudya.

"Basi? Ndiye m'bwereke mkulu wako. Ukamva mbale zikulira uzingobwera wekha."

Anandigulira nsapato za pulasitiki pa Songani, ine n'kuona kuti ndachita malonda a phindu. A Kasimu anapita kukakhala kwa azakhali, analowa sukulu ina ngati Amidu, anasankhidwa ngati Amidu, mpaka ku yunivesite, Amidu yemweyo. Lero ali ku Limbe, ku ofesi ina imene sindiitchula, amavala tayi, ndipo pa chitseko chawo palembedwa dzina langa. Dzina lachiwiri sindilemba muno. A Amidu m'dziko muno ndi ambiri, kafufuzeni ngati muli ndi nthawi.

Popempha ngongole ija analemba adiresi ya kumudzi. Kalata inatsata dzina n'kupeza mwini wake atakhala pa bwato. Kodi pamenepo kalata inalakwa?

Mawa lake doko lonse linali litamva, chifukwa mayi ake a Hawa nkhani yokoma sagona nayo. Ndisanamasule n'komwe chingwe, anzanga anali atandipatsa kale dzina.

"Che Digiri, mwadzuka bwanji? Inu a za chuma, tatiuzani, kwacha igwanso liti, tigule mafuta lero kapena tidikire?"

Mayi wina wogula matemba, wa ku tchalitchi chakumtundaku, anagwada mwachipongwe n'kuwomba m'manja.

"Bwana, mwana wanga akungokhala. Ku ofesi kwanu kulibe malo a wosesa?"

Ndinamuuza kuti abweretse kalata yofunsira ntchito ndi milamba iwiri yowamba. Ndinayamba kuyenda manja kumbuyo. Munthu akafunsa mtengo wa ku Chisi, ndinkayamba ndatsokomola kaye. Kunena zoona zinandikomera. Tangoganizani, munthu wa zaka makumi anayi ndi zingapo, kungodzuka uli ndi digiri, osawerenga, osalemba mayeso, osagona ndi njala ku hositelo. Ndani angakane?

Mmodzi yekha sankaseka. Hawa.

"Ababa, inetu ndikupempha ngongole yomweyo. Pa fomu akufuna dzina la kholo, mudzi, mfumu yaikulu. Ndilemba chimodzimodzi ndi zimene zili pa envelopu ija. Munthu wa ku ofesi akaona kuti bambo anadya osabweza, mwana amupatsa?"

Ndinati mwina sayang'ana zimenezo.

"Mwina. Nanga akayang'ana?"

Kaya amayang'ana kaya sayang'ana, ine sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndinkadziwa n'choti popanda ngongoleyo Hawa sapita. Bwato limatidyetsa, koma yunivesite silingalipire. Nyanja yathuyinso mukuidziwa, chaka china imangonyamuka n'kutisiyira matope ong'aluka. Mafomu ankatseka kumapeto kwa mwezi, ndipo mwana ananenetsa kuti sapereka yake dzina lisanayere. Manja aja ndinawachotsa kumbuyo.

Ndinaimbira achimwene. Anayankha ndi mawu a mu ofesi aja, otsika.

"Iwe, kalata imeneyo ingoisiya. Ukulungire matemba. Anzanga onse amene tinali nawo palibe anabweza. Zimenezo zimafa zokha."

"Achimwene, sizinafe, zafika pakhomo panga zikuyenda. Komanso Hawa..."

"Ndili mu mitingi. Ndikuimbira."

Mitingi imeneyo sinathe. Ndikaimba, foni imangolira. Ndikabwereka ya mnzanga, nambala yachilendo, ndiye kumene sayankha n'komwe.

Musawaone ngati munthu woipa. Malata a nyumba ya malemu amayi anagula ndi iwo. Hawa ali ku sekondale, temu ikandivuta ankatumiza ndi iwo, osandiwerengera. Koma pa nkhani iyi yokha, munthu wamkulu anasanduka mlamba wa m'matope, ukaugwira apa watulukira apo.

Ndiye ndinakhala pa bwato n'kumadzifunsa. Ndipite ku ofesi ya ngongoleko ndikanene kuti si ine? Andifunsa kuti nanga ndani. Ndikatchula, ndiye kuti ndavula mkulu wanga pagulu, chifukwa mapepala, ntchito, ana kusukulu, zonse zatsamira pa dzina limenelo. Ndikanene kuti ndi ine? Andifunsa kuti ndilipira liti. Ndigulitse bwato chifukwa cha buledi amene anadya wina? Ndingokhala chete? Ndiye kuti Hawa akhala pakhomo n'kumapala nsomba ndi mapointi ake abwinowo. Kulikonse kumene ndinkaponda kunali minga.

Ndinanyamuka. Kabaza mpaka pa Songani, minibasi mpaka Zomba, ina mpaka Limbe.

Kunyumba kwawo ndinapeza alamu okha, Abiti Jafali, akazi awo a achimwene. Anandilandira bwino, tiyi wa mkaka, buledi wopaka majarini mbali zonse. Ndinafunsa za abambo a pakhomo.

"Akuti ali ku semina ku Mangochi."

"Akuti?"

"Eya, akuti. Chikwama chawo cha zovala chili m'chipindamo. Atangomva kuti mwakwera minibasi, semina inayamba."

Pabalaza pamenepo ndakhalapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinayang'anitsitsa chimene chili pakhoma, pamwamba pa wailesi ya kanema. Fulemu yakuda, galasi lowala, m'kati pepala lokhuthala la chidindo chofiira. Chingerezi chake sindinachimve. Koma pakati penipeni, m'zilembo zopotanapotana ngati mphukira za maungu, panali mawu amene ndingawazindikire ngakhale atalembedwa chadodolido. Ndinaimirira kapu ili m'manja. Dzina langa linali litavala bwino kundiposa mwini wake.

Alamu anandisiya ndiyang'ane, kenako anayamba kuyankhula.

"Ine ndatopa, alamu. Foni ikalira nambala yachilendo, munthu wamkulu amathawira ku bafa. Wina akagogoda atavala tayi, ana amauzidwa kuti anene kuti adadi kulibe. Ndi moyo umenewo? Ndawauzapo kuti pitani mukagwirizane nawo, muzilipira pang'onopang'ono. Akuti akawafunsa za dzina. Ndani ali ndi nthawi yofukula Sitandade 8 ya kalekale?"

Ndinawauza za Hawa ndi fomu yake. Anaika kapu yawo pansi.

"Alamu, pa pepala ilo palembedwa dzina la ndani?"

"Langa."

"Ngongole akuti ndi ya ndani?"

"Akuti yanga."

"Nanga katundu wanu akutani pakhoma la eni?"

Ndisanayankhe anali atakoka kale mpando. Mayi wathupi ndithu, koma anakwera ngati mtsikana wothyola mango. Anaitsitsa, anaipukuta fumbi, anaikulunga m'chitenje chawo chabwino, n'kundiikira pamiyendo.

"Musainyowetse," anatero. "Koma iwo asadziwe kuti simuinyowetsa."

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Mu minibasi chitenje chinasunthika, kona ya fulemu n'kuonekera. Bambo wina wa tayi amene ndinakhala naye anapempha kuti aone.

"Ndi ya mwana wanu?"

"Werengani dzina," ndinatero, n'kutulutsa chiphaso changa cha unzika.

Anayang'ana chiphaso, anayang'ana fulemu, anayang'ana zidendene zanga zong'alukazi, n'kubwereranso ku fulemu.

"Ndiye mumagwira kuti, bwana?"

"Pa nyanja ya Chilwa."

"Oo, pulojekiti."

"Eya, pulojekiti."

Kondakitala atamva anandisamutsira kutsogolo. Chibadwire sindinakhalepo kutsogolo kwa minibasi. Pa kabaza ndinaifungatira ngati khanda lochokera kuchipatala, ndikumuuza wokwezayo kuti azilemekeza mabampu.

Kunyumba tinaikulunga m'pulasitiki yokhuthala ya belo la shuga, kawiri, n'kumata m'mbali monse ndi labala. Madzi sakanalowa ngakhale bwato likanatembenuka, koma pa chithunzi pulasitikiyo sinkaoneka. M'mawa ndinaimangirira pa mtengo wa tenti ya bwato, pamwamba pa madengu a matemba ndi njinga za anthu. Titafika pakati pa nyanja, pamene mafunde amayamba kumenya m'mbali, Hawa anajambula ndi foni yake: ine ndagwira injini, digiri ikulendewera, kumbuyo madzi okhaokha ndi phiri la Chisi. Anawatumizira ababa ake aakulu opanda mawu alionse.

Tisanafike n'komwe kutsidya foni inalira. Semina inali itatha.

"Amidu."

"Wawa, achimwene."

"Wapenga? Pepala limenelo salipanganso kawiri. Litsitse pamenepo."

"Lili pa ntchito, achimwene. Anthu akukwera ambiri chiliikireni. Ena akulipira kuti ajambulitse nalo."

"Ndikunena kuti ulitsitse."

"Pepani, mafunde akula, ndigwire injini ndi manja awiri. Ndikuimbirani."

Zoti anthu ankajambulitsa nalo sindinaname. Asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama tija ta m'mabango, ankapalasa kubwera kudzaona. Wina anaigwira n'kudzisisita pamphumi, akuti mwina mwana wake akhoza masamu.

Loweruka achimwene anatulukira pa doko. Nsapato zakuda zonyezimira, thalauza la mzere, magalasi. Kuchokera pamene kabaza amaima kukafika pa bwato ndi matope okhaokha, ndipo anthu anasiya ntchito kuti aonerere. Anayenda ngati nkhuku pa malata otentha.

"Bweretsa kuno," anatero ataima patali.

"Ili m'bwato. Mukaifuna kwerani, tikunyamuka."

Apa ndikuuzeni chinsinsi cha banja lathu. Chimene a Kasimu analimbikira sukulu si nzeru zokha ayi. Madzi amawaopa kuyambira ali mwana. Ine ndinathawa sukulu kuthawira ku nyanja, iwo anathawa nyanja kuthawira ku sukulu. Anayang'ana bwato, anayang'ana fulemu ikugwedezeka ndi mphepo, n'kuvula nsapato. Ndinawalipiritsa ngati wina aliyense.

Anakhala pakati, manja onse awiri atagwira thabwa, maso ali pa zala za kumapazi. Munthu akakuwa kuti "Che Amidu, chepetsani moto," tonse awiri tinkatembenuka. Bwato lonse linkadziwa nkhani, koma palibe anailankhula. Ankangotsokomola.

Moyang'anana nawo munakhala mayi wina wachikulire wogulitsa mpunga, mnzawo wa malemu amayi. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwagwira bondo.

"Kodi iwe si Kasimu? Uja unkalira tikamakuwolotsa, mpaka mayi ako kukufunda chitenje kumaso?"

Achimwene anavula magalasi.

"Ndine, amayi."

"Wanenepa. Ndinkayesa unatayika ku tauni. Ukuopabe madzi?"

"Ndikuopabe, amayi."

"Gwira apa," anatero mayiwo, n'kuwapatsa dzanja. Bwana wa ku Limbe anawoloka nyanja atagwira dzanja la wogulitsa mpunga, ndipo palibe anaseka.

Ku Chisi, anthu atatsika, tinakhala awiri pansi pa mlambe. Ndinayembekezera kukalipiridwa. Iwo ankangochotsa matope pakati pa zala ndi kamtengo.

"Ukudziwa kuti munthu anandiitana Kasimu komaliza liti? Pa maliro a amayi." Anapumira m'mwamba. "Ku ofesi akati Amidu, mpaka lero ndimachedwa pang'ono kutembenuka. Si ndalama zimene ndikuthawa, ndalama ndingathe pang'onopang'ono. Ndimaopa ofesi iliyonse imene imafunsa mafunso. Ndimaona ngati wina atsegula faelo n'kundiuza kuti bambo, bwererani ku Sitandade 8."

Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika. Ndinawaona m'maganizo atavala kabudula wa yunifolomu ndi mimba imeneyo, atakhala pansi pakati pa ana. Nditawauza, nawonso anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene," ndinatero, "dzina ndinakubwerekani ndipo sindikulifunanso. Khalani nalo. Tsiku lomaliza ashehe adzaitana Kasimu, za ku Limbe sadzazidziwa. Koma lichapeni. Hawa akufuna kulilemba pa fomu."

"Fomu yanji?"

"Ya ngongole yomweyo. Wasankhidwa."

"Zoti wasankhidwa ndikudziwa, ndinamuimbira. Koma ngongole? Bwanji sunandiuze?"

"Ndinayamba kukuuzani, mitingi inandidula."

Anaweramitsa mutu. Kenako anati Lolemba apita ku ofesi ya ngongole ija. Ndinati zikomo. Anati ndiye ndiwapatse fulemu. Ndinati ayi, digiri igona kuno mpaka ndione pepala la ku ofesiko. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Iwe, amene anaphunzira za chuma ndi ndani pakati pa ife?"

"Werengani dzina, achimwene."

Anapitadi. Ndipo mukudziwa chimene anawafunsa kumeneko? Kumene amagwira ntchito, nambala ya chiphaso chawo, ndi kuti angathe zingati pa mwezi. Basi. Za Sitandade 8 palibe anazitchula. Mtsikana wa pa kauntala anawathokoza chifukwa chobwera okha, n'kuwafunsa ngati akufuna madzi akumwa. Munthu anathawira ku bafa zaka zonsezi kuthawa kapu ya madzi. Anagwirizana kuti azidula ku malipiro, analembetsa adiresi ya kuntchito kuti makalata asamabwerenso kumudzi, n'kutumiza chithunzi cha risiti yoyamba ku foni ya Hawa.

Tsopano ndiganize mokweza pang'ono, monga mwa chizolowezi changa.

Chimvekereni nkhaniyi, anthu akhala akundinong'oneza zawo m'bwato. Uyu akuti dzina lake ndi namwino ku Mzuzu. Uyo akuti lake linapuma pa ntchito ya uphunzitsi, likulandira penshoni, iye akuwedzabe. Wina akuti lake linamwalira ku Joni, anamva pa wailesi uthenga wa maliro ake akusoka ukonde. Kuno ku nyanja tilipo ambiri amene maina athu anapita patali kutisiya ife pa doko. Sindikudandaula. Makolo athu sankaba, ankafuna mwana mmodzi yekha awoloke kuti adzakoke anzake. Ndipo ambiri anakokadi.

Koma inu amene munawoloka ndi ngongole ya boma, kaya ndi dzina lanu kaya lobwereka, tamverani. Ine za chuma ndazidziwa sabata ziwiri zokha, ndiye mundikhululukire ndikalakwitsa. Ndikanyamula anthu kupita ku Chisi, sindikhala komweko n'kumadya nsomba. Ndimabwerera, chifukwa pa doko ndasiya ena atakhala pa katundu wawo akuyang'ana kunyanja. Ndalama imene inakuphunzitsani inu ndi bwato lomwelo. Mwatsika, mwavala nsapato, n'kulimangirira kutsidya, n'kumati ndi za boma, zimafa zokha. Amene akudikira pa doko si boma ayi. Ndi mwana wa mng'ono wanu.

Ndipo ngati chikukugwirani ndi mantha ngati a achimwene anga, kodi mantha amenewo mwawadyetsa zaka zingati? Sanakudyereni zambiri kuposa ngongoleyo? Ana anu aphunzira kunena kuti adadi kulibe adadi ali ku bafa. Imeneyonso ndi sukulu, ndipo mukuwalipirira ndinu.

Fulemu ndinaibweza youma. Koma popita nayo ndinadutsira pa Songani, pa kashopu ka fotokope. Yanga ili pakhoma kunyumba, pafupi ndi kalendala. Mayi ake a Hawa akuti alendo akabwera ndizikhala pansi pake, koma ndisamatsegule pakamwa.

Hawa anapereka fomu yake nthawi isanathe. Pa mzere wa kholo analemba dzina langa ine ndili pambali. Kaya amupatsa kaya samupatsa, tidikira ngati ena onse. Koma akamukana, sadzamukanira bambo ake.

Dzulo Hawa anasankha milamba yowamba yonenepa, anapeta mpunga wa m'munda mwa mayi ake, n'kusoka thumba loti tipatsire dalaivala wa minibasi ya ku Limbe. Anatenga cholembera chakuda n'kugwada pa thumbapo.

"Ndilembe dzina la ababa aakulu? Liti, la kuno kapena la ku tauni?"

"Usalembe lililonse. Iwo alandira kale katundu wawo. Lemba la amene anakwera pa mpando."

Analemba ndi zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale ine ndinawerenga osagwira ndi chala: Abiti Jafali.